Opareshoni ya bondo si matsenga, musamuthamangitsire mwana m'bwalo isanakwane miyezi 9

Mkangano uja wabukanso, ndipo umabuka nthawi zonse wosewera wodziwika akagwa m'bwalo atagwira bondo n'kutuluka pa sitirecha. Mawa lake m'ma minibasi a ku Limbe, m'magulu a WhatsApp a masapota, pa mapulogalamu a zamasewera pa wailesi, aliyense wasanduka dokotala wa mafupa. Ena akuti amutumize ku Joni msanga akamupange opareshoni abwerere sizoni isanathe, ena akuti ayi opareshoni ndi imene imamaliza mapuleya kuli bwino angomanga bandeji apume milungu ingapo, nde ikapita miyezi 5 anthu omwewo ayamba kufunsa kuti kodi mwana uja akungodya ndalama za timu bwanji, si anamupanga kale opareshoni? Ine mbali yanga ndiinene pompano kuti tisavutane kutsogoloku. Opareshoni ya mtsempha wa m'bondo uja amati ACL payokha sibwezera munthu m'bwalo, chimene chimamubwezera ndi miyezi 9 kapena kupitirira ya physio yeniyeni, masewera olimbitsa mwendo otsogozedwa ndi katswiri wake, komanso kuyezedwa asanavale jezi, ndipo timu imene yalipira opareshoni koma physio osalipira, kapena yamuponya m'gemu msanga chifukwa kukubwera dabi, yataya ndalama zake komanso yawononga mwana wa eni ake. FAM yoyendetsa mpira wa miyendo, SULOM yoyendetsa Super League ndi a ntchemberembaye ku NAM akuyenera kuiika nkhaniyi m'malamulo, isamasiyidwe m'manja mwa kochi amene mpando wake ukutentha.

Tisanapite patali tigwirizane kaye kuti chimachitika n'chani kwenikweni, chifukwa ambiri timaganiza kuti dokotala amangosoka mtsempha wodukawo basi nkhani yatha. Si choncho. ACL ili m'kati mwenimweni mwa bondo, imalumikiza fupa la ntchafu ndi fupa la kumunsi kwa bondo, ndipo ntchito yake ndi kugwira kuti fupa la kumunsilo lisatsetserekere kutsogolo kapena kupotokola munthu akamatembenuka. Nthawi zambiri imaduka popanda wina kukugunda n'komwe, wangodumpha kukamenya hedi n'kutera molakwika, kapena phazi lakanirira pansi thupi likukhota, ena amamva kulira kuti thu m'kati, pakapita maola ochepa bondo latupa. Nde pa opareshoni yodziwika ija amachita kudula mtsempha wina pa mwendo wako womwewo, kawirikawiri wa kuseri kwa ntchafu kapena wa kutsogolo kwa bondo, n'kuboola mafupa awiri aja, kuulowetsa m'mabowomo n'kuumangirira. Tanthauzo lake n'kuti munthu akamatuluka mu fiyeta amakhala ndi mabala awiri, pamene adula ndi pamene aika, ndipo mtsempha watsopanowo umayamba wafooka kaye m'miyezi yoyambirira thupi likamaulowetsa magazi ndi kuusintha kuti ukhale ngati wakale uja, ntchito imene imatenga chaka mwinanso kupitirira.

Tsono manambala akuti bwanji? Mu 2014 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za anthu opitirira 7,000 amene anapangidwa opareshoni imeneyi m'maiko osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti pa anthu 100 aliwonse, 81 anabwerera ku masewera ena ake, 65 anabwerera pa mlingo umene anali asanavulale, ndipo 55 okha ndi amene anabwerera ku mpikisano weniweni. Taonani bwino pamenepo, ambiri mwa amenewa ndi a kumaiko kumene MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, si nkhani yoyembekezera, kumene physio ali pa kona iliyonse, koma pafupifupi theka mpikisano anausiya. Nde wina akamayankhula ngati opareshoni ndi tikiti yobwererera m'bwalo ndimadabwa kuti chikhulupiriro chimenecho wachitenga kuti.

Amene akufuna wosewera abwerere msanga mfundo yawo yoyamba ndi ya ku Ulaya, ndipo sindikuwanyoza chifukwa zitsanzo ali nazo. Amakuuza za Roberto Baggio amene mu 2002 anaduka ACL ali ku Brescia n'kubwerera miyezi 3 isanakwane, kugoletsa zigoli ziwiri pa gemu yoyamba yomweyo. Amakuuza za Zlatan Ibrahimović amene anavulala mu April 2017 ali ku Manchester United koma November yemweyo anali atavalanso jezi. Zonsezo n'zoona. Koma choyamba, timakumbukira Baggio chifukwa zimene anachitazo n'zachilendo, anthu masauzande amene anayesa zomwezo n'kudukanso palibe amawatchula pa wailesi, komanso Baggio yemweyo ankathamangira World Cup ya chaka chimenecho ndipo Giovanni Trapattoni anamusiyabe. Chachiwiri, ngati tikufuna zitsanzo za ku Ulaya tizitenge zonse. Virgil van Dijk anavulala mu October 2020 atagundidwa ndi Jordan Pickford pa dabi ya Everton ndi Liverpool, munthu woti ali ndi madokotala a timu, jimu, dziwe losambira, chakudya choyezedwa, koma anakhala miyezi 9 yathunthu ndipo Euro ya 2021 anaikana yekha ali kaputeni wa Netherlands, n'chifukwa chake mpaka lero timamutchula ngati difenda wa pamwamba. Pomwe Nicolò Zaniolo wa Roma, mnyamata wa zaka 20, anaduka bondo lina mu January 2020, July anabwerera, September akusewerera Italy linaduka bondo linalo. Sindikunena kuti kufulumira kokha ndi kumene kunadula bondo lachiwirilo, koma nkhani yake ikufanana ndi zimene zimapezeka kawirikawiri, kuti mwa achinyamata osakwana zaka 25 amene amabwerera ku masewera atapangidwa opareshoni, pafupifupi mmodzi mwa anayi ACL imadukanso, kaya yomweyo kaya ya mwendo winawo. Ndipo ngakhale m'matimu akuluakulu a ku Ulaya omwewo, kafukufuku wa UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti pakatha zaka 3 ndi osewera 65 pa 100 okha amene amakhala akuseweranso pa mlingo wapamwamba womwe uja.

Chitsanzo chabwino kwambiri tili nacho ife eni ake koma timachiiwala chifukwa si cha mpira wa miyendo wa amuna. Mwawi Kumwenda wa ntchemberembaye anaduka ACL mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, anakhala panja pafupifupi chaka, World Cup ya 2019 ku Liverpool ma Queens anapita opanda iye ndipo dziko lonse tinamva kuwawa, koma mu 2020 Vixens inatenga chikho cha Super Netball pogonjetsa West Coast Fever ndipo amene anasankhidwa kuti wasewera bwino kuposa onse pa fainolo imeneyo anali Mwawi. Tangoganizani akanakhala kuti ali m'timu ya konkuno n'kumamva anthu akuti dziko likukufuna, ingomanga bondo ukaponye. Pa nkhani ya atsikanayi tiyenera kutchera khutu kwambiri chifukwa iwo ACL imawadukira kawirikawiri kuposa anyamata pa masewera ofanana, n'chifukwa chake tinaona akatswiri a mpira wa miyendo wa amayi Alexia Putellas, Beth Mead, Leah Williamson ndi Sam Kerr onse akugwa m'zaka zoyandikana, ndipo ntchemberembaye ndi masewera oti umathamanga n'kuima mwadzidzidzi, kudumpha n'kutera ndi mwendo umodzi, kuno kwathu pa konkire ngati wa pa Blantyre Youth Centre. Mtsikana wa timu yaing'ono ya ku Bangwe kapena ku Chilobwe akaduka bondo palibe amakangana n'komwe za iye pa Facebook, amangosowa basi.

Mfundo yachiwiri ndi imene imandivuta kwambiri kuyankha pamaso pa munthu, chifukwa imachokera kwa wosewera mwini wake. Amati ine ndili bwinobwino, sindikumva kupweteka, ndikuthamanga mtunda wa Ndirande osapuma, thupi ndi langa nde inu ndinu ndani kuti mundiletse. Ndipo sakunama, pa miyezi 4 kapena 5 ambiri ululu umakhala utatha, kutupa kwaphwa, kuthamanga molunjika akutha. Vuto ndi lakuti bondo limakhala ngati silabu ya nyumba yosanja, mawa lake pamwamba pamaoneka pouma moti mutha kuyendapo, koma mmisiri wodziwa ntchito sachotsa mitengo yochirikiza chifukwa akudziwa kuti m'kati simenti sinagwire. Kuthamanga molunjika sikuyesa ACL, chimene chimaiyesa ndi pamene winga wakupusitsa wapita kumanzere iwe thupi lapita kumanja, phazi lili pa kapeti ya pa Kamuzu Stadium, pa mphindi ya 80 utatopa. Ku Norway anatsatira osewera opitirira 100 atawapanga opareshoni, zotsatira zinatuluka mu 2016, ndipo anapeza kuti mwezi uliwonse umene munthu wachedwetsa kubwerera, mpaka kufika pa miyezi 9, chiopsezo choti bondo livulalenso chimatsika ndi theka. Anapezanso kuti mwa amene anabwerera atalephera mayeso a mphamvu ndi kudumpha, 38 pa 100 anavulalanso, pomwe mwa amene anakhoza anali osakwana 6 pa 100. Mayeso ake si a ufiti ayi, ntchafu ya mwendo wovulala ikhale ndi mphamvu zosachepera 90 pa 100 ya inzake, ndipo munthu adumphe ndi mwendo umodzi mtunda wofanana kapena woyandikira kwambiri ndi wa mwendo wabwinowo. Ndiye kuti kalendala payokha si yokwanira, miyezi 9 ikhoza kukwana munthu n'kulepherabe, ameneyo adikire ndithu.

Pali mnyamata wina wa kudera kwathu kuno, ankasewera pakati m'timu ina ya m'ligi yaing'ono, anthu akufuna kwabwino anasonkha ndipo opareshoni inatheka, tonse tinasangalala ngati nkhani yatha. Physio anapita milungu yoyambirira, kenako ya minibasi inayamba kuvuta chifukwa kuchoka kwathu kukafika kuchipatala ndi ma minibasi awiri kupita awiri kubwera, timu inasiya kuyankha foni, iye n'kuyamba kumangozipanga yekha kunyumba ndi thumba la mchenga atamanga pa kakolo. Tsiku lina atavala kabudula ndinayang'ana miyendo yake, simukanafuna dokotala kuti akuuzeni, ntchafu ya kumanja yodzaza bwinobwino ya kumanzere yofota ngati ya munthu wina, ndipo akamatsika masitepe a pa khonde ankayamba ndi mwendo womwewomwewo nthawi zonse, dzanja lili pa khoma. Koma sabata yomweyo anali atayamba kale treningi chifukwa kochi anamuuza kuti akachedwa malo ake alembapo wina. Pano amasewera za sosho Lamlungu bondo atalikulunga bandeji, akafuna kukhota amachita kuzungulira. Dokotala amene anamupanga opareshoni ntchito yake anaigwira, anthu amati opareshoni inalephera koma chimene chinalephera ndi zonse zimene zimayenera kubwera pambuyo pake.

Zimenezi zikutifikitsa kwa gulu lina lija, loti opareshoni ndi imene imapha mapuleya kuli bwino osaipanga n'komwe. Awa anthu amawaseka koma ali ndi kachoonadi kena kamene madokotala eni ake amavomereza. Ku Sweden anatenga achinyamata 121 okonda masewera amene ACL inaduka, ena anawapanga opareshoni nthawi yomweyo, ena anayamba ndi physio yokha n'kuwauza kuti opareshoni ibwera pokhapokha bondo likamavutabe, ndipo zotsatira za mu 2010 zinaonetsa kuti patatha zaka 2 magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni, pofika zaka 5 pafupifupi theka la gulu lachiwirilo linali lisanapangidwebe opareshoni. Komanso n'zoona kuti opareshoni sichotsa chiopsezo cha nyamakazi ya m'bondo, ambiri amene anadukapo ACL pakapita zaka 10 mpaka 20 bondo limayamba kuwavuta kaya anapangidwa kaya ayi. Nde kwa bambo wa zaka 38 amene amasewera sosho kuti achepetse mimba, kapena mayi amene amangofuna kuyenda bwino kupita kumsika, kuyamba ndi physio ndi nzeru ndithu osati umphawi. Koma tamverani bwino zimene a ku Sweden aja anachita, sanawauze anthu kuti pitani kunyumba mukathowe ndi madzi otentha, anawapatsa physio yolongosoka kwa miyezi yambiri, nde kafukufukuyu akuikira kumbuyo mfundo yanga yomwe ija kuti chachikulu ndi physio. Komanso mwa anthu amenewo munalibe osewera a pulofeshonolo. Wosewera wa Super League amene ntchito yake ndi kukhota ndi kudumpha sabata iliyonse, bondo lake likamaphonya pafupipafupi chifukwa mulibe chogwira, ulendo uliwonse likaphonya likhoza kung'amba meniscus, kakhushoni kaja kamakhala pakati pa mafupa, ndipo kameneko kakawonongeka nyamakazi imabwera msanga. Za kutemera mphini pa bondo sindikambapo zambiri, mtsempha wodukira m'kati mwa mfundo mphini ya pa khungu siufika.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi ya ndalama, ndipo apa sindinamizira kuti ndi yopepuka. Akuluakulu a matimu amati inu mukuyankhula za Liverpool, ife ndalama ya pa geti sikwanira ngakhale basi yopita ku Karonga, opareshoni yokha ndi mamiliyoni makamaka akapita kunja, nde tilipirenso munthu chaka chathunthu osamenya mpira? Kupatula Maule, Manoma ndi ena ochepa amene ali ndi othandiza, matimu ambiri akuvutikadi. Wosewera nayenso ali pa mpanipani wake, kontirakiti ikutha December, ndalama imene amadalira kwenikweni ndi gemu bonasi, lendi ku Zingwangwa sidikira bondo, akakhala panja chaka anthu amuiwala. Ndikumva zonsezi, koma tiwerengere bwino. Timu imene yatulutsa mamiliyoni pa opareshoni kenako n'kuumira ndalama ya physio ndi ya transipoti, imene ndi yochepa kwambiri poyerekeza, ikuika pa chiswe mamiliyoni omwe aja, chifukwa bondo likadukanso opareshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba ndipo zotsatira zake sizifika pa yoyamba ija. Ngati ndalama ilipo ya chimodzi chokha, kuli bwino kukhala pansi ndi dokotala n'kuona ngati kuyamba ndi physio kungathandize, kusiyana n'kupanga opareshoni yoti tijambulitse pa eyapoti kenako mwana n'kumutaya. Ndipo mpanipani wa wosewera uja ndi chifukwa chenicheni chimene ndikufunira lamulo, pakuti munthu wa njala sungamuuze kuti asankhe yekha pakati pa bonasi ya Loweruka ndi bondo la zaka 10 zikubwerazi, asankha bonasi ndipo ine sindingamudzudzule. Lamulo linene kuti wovulala ali pa ntchito ya timu kontirakiti yake siitha mpaka atachira, malipiro ake apitirire, ndipo pa zofunika kuti timu ipatsidwe laisensi pakhale inshuwalansi ya zachipatala imene ikuphatikiza physio osati opareshoni yokha.

Anthu odziwa ntchitoyi tili nawo mu Blantyre muno. Yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS imaphunzitsa ma physio mpaka digiri, ku Gulupu kuli dipatimenti yake, Kachere Rehabilitation Centre ilipo kalekale, ndipo ndimadabwa kuona kuti m'matimu ena amene amathamangira m'bwalo ndi chikwama wosewera akagwa ndi munthu woti chida chake chachikulu ndi botolo la madzi ndi sipuleyi yoziziritsa. Mayeso odumpha aja safuna makina a ku Ulaya, tepi yoyezera ya mmisiri, choko ndi malo osalala zakwana, chimene chikufunika ndi munthu wophunzira woti aone mmene bondo likuterera, ngati likugwera m'kati kapena ayi. Komanso kupewa n'kotchipa moseketsa, FIFA 11+ ndi ndondomeko yotenthetsa thupi ya mphindi 20 imene ilipo kuyambira 2006, ya ulere, yongofuna ma koni ndi mpira, ndipo kumene anaiyesa moikirapo mtima kuvulala kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma pitani mukaone treningi ya ana a sukulu kapena ya matimu a m'makwalala, kuzungulira bwalo kawiri, kukoka mwendo pang'ono, mpira pakati.

Palinso china chimene sitimachikamba chifukwa amuna amachita nacho manyazi, mantha. Ambiri amene sabwerera ku mpikisano si kuti bondo lakana ayi, dokotala akaliyeza limakhala lolimba, koma mutu sunaiwale tsiku lija, nde akaona difenda akubwera amabweza mwendo, mpira wa 50-50 amausiya, masapota n'kuyamba kukuwa kuti watha ameneyo mutulutseni. Chikhulupiriro chimenecho chimabwerera pang'onopang'ono, treningi yopanda kugundana kaye, kenako yogundana, kenako mphindi 15 za gemu yosavuta, osati kuchoka pa benchi ya chaka chathunthu n'kukayamba pa dabi anthu atadzaza sitediyamu. Rodri wa Manchester City anaduka ACL mu September 2024, Ballon d'Or anakalandira akuyendera ndodo, ndipo atabwerera mu May 2025 Manchester City inamulowetsa mphindi zochepa za kumapeto kwa gemu, ngakhale pambuyo pake anavutikabe ndi minofu kwa kanthawi. Ameneyo ndi wosewera amene anali atangotchedwa wabwino kuposa onse pa dziko lapansi.

Nde pa lamulo ndikunenali chofunika kwambiri ndi funso loti amasaina ndani kuti munthu wachira. Asakhale kochi, asakhale tcheyamani, asakhalenso wosewera mwini wake, onsewa ali ndi chifukwa chofunira kuti zitheke msanga. Akhale dokotala amene anapanga opareshoni pamodzi ndi physio wovomerezeka ndi Medical Council of Malawi amene salandira bonasi timu ikawina, alembe tsiku la opareshoni, zotsatira za mayeso a mphamvu ndi a kudumpha, kalatayo ipite ku SULOM kapena ku NAM, ndipo popanda kalata imeneyo khadi la wosewerayo lisaloledwe pa tebulo la match commissioner. Timu imene yamuseweretsa mozemba ilandidwe mapointi ngati mmene imalandidwira ikaseweretsa munthu amene ali ndi makhadi.